Luso Loyeza Poizoni Osadikira Imfa

Akatswiri akapatsidwa mankhwala atsopano, kaya ophera tizilombo kapena ogwiritsa ntchito m'fakitale, amayamba ndi funso limodzi: munthu atameza kamodzi, angavulale motani? Yankho lakale linachokera kwa J.W. Trevan wa ku Britain mu 1927. Njira yake, yotchedwa LD50, inkafufuza mlingo womwe ungaphe theka la nyama zomwe zamwetsedwa. Makoswe ankawagawa m'magulu, gulu lililonse mlingo wake, ndipo woyeza ankawerenga akufa. Bungwe la OECD, lomwe likulu lake lili ku Paris, linaika njirayi m'malangizo ake a nambala 401 mu 1981. Makoswe ambirimbiri ankafa mozunzika kuti papezeke nambala imodzi, yomwenso inkasiyana ukapita ku labotale ina.

Mu 1984 bungwe la British Toxicology Society linabwera ndi maganizo ena, omwe OECD inawavomereza mu 1992 ngati malangizo a nambala 420 ndi kuwakonzanso mu 2001. Ine malangizo amenewa ndimawagomera, chifukwa amene anawalemba anazindikira kuti thupi la nyama limaonetsa ululu wa poizoni imfa isanafike. Chofunika ndi munthu wodziwa kuyang'ana.

Milingo yake ndi yoikika kale, nthawi zambiri inayi: mamiligalamu 5, 50, 300 ndi 2000 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa nyama. Woyeza sayamba ndi gulu. Amatenga khoswe mmodzi, ndipo ngati palibe chodziwika kale pa mankhwalawo, amamupatsa mlingo wa 300. Kenako amadikira maola osachepera 24 asanagwire wachiwiri. Zimene waona pa woyambayo ndi zimene zimamuuza kukwera kapena kutsika. Akapeza poyambira poyenera, amawonjezera makoswe 4 kuti onse akwane 5 pa mlingo umenewo. Kudikirako ndiye kumapulumutsa nyama zambiri, pakuti palibe khoswe womwetsedwa mlingo womwe mnzake wasonyeza kale kuti ndi wakupha.

Tinthu ting'onoting'ono ta m'malangizowa tili ndi zifukwa zake tonse. Amasankha makoswe aakazi, osaberekapo komanso opanda bere, chifukwa pomwe pamaoneka kusiyana, nthawi zambiri aakazi ndiwo amamva msanga poizoni. Akhale a masabata 8 mpaka 12, olemera mofananako, ndipo ayambe azolowera malowo masiku osachepera 5. Chipinda chikhale chotentha pafupifupi madigiri 22, kuwala maola 12, mdima maola 12. Usiku wonse khoswe amagona ndi njala, madzi okha akumwa, kuti chakudya cha m'mimba chisabise mphamvu ya mankhwala. M'mawa amamuyeza pa sikelo, n'kumumwetsa ndi kachubu kofika m'mimba, mlingo wosapitirira mililita imodzi pa magalamu 100 alionse, kapena awiri ngati mankhwalawo asungunulidwa m'madzi. Zonsezi n'cholinga choti khoswe akadwala pasakhale china choloza chala koma mankhwalawo basi.

Luso lenileni limayamba kachubu kakachotsedwa. Woyeza amamuona khosweyo m'mphindi 30 zoyambirira, amamuyang'anitsitsa maola anayi oyamba, amabwerabe tsiku lonselo, kenako tsiku ndi tsiku mpaka masiku 14. Amaona khungu ndi ubweya, ngati waimirira, maso, kapumidwe, kayendedwe. Amalemba ngati akunjenjemera, akutuluka dovu, watsegula m'mimba, akungowodzera kapena wakomoka, ndiponso nthawi yomwe chizindikiro chayamba ndi yomwe chatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi siyifuna wa phuma. Pamapeto pake ayenera kugamula chinthu chovuta: kodi zizindikirozi n'zoonekeratu moti mlingo wotsatira ungabweretse ululu waukulu kapena imfa? Ngati ndi choncho, amaima pomwepo, yankho lapezeka. Chigamulo chimenechi sichichokera m'makina. Chimachokera kwa munthu amene wakhala zaka akuona makoswe athanzi mpaka kuzindikira msanga wodwala, ndipo ndi pano pomwe ena amadandaula kuti anthu awiri angathe kuona mosiyana. Dandaulo lake ndi lomveka, koma mankhwala ake ndi kuphunzitsa oyeza bwino, osati kubwerera kowerenga mitembo.

Sindikunena kuti nyama sizivutika. Zina zimafabe, ndipo yomwe yafika povutika kwambiri amaipha msanga mosaizunza, n'kuiwerenga ngati yafa ndi mankhwalawo. Zotsala nazo amazipha pomaliza kuti aone ziwalo za m'kati. Koma chiwerengero chinatsika kwambiri, mogwirizana ndi mfundo za William Russell ndi Rex Burch za mu 1959 zoti nyama zilowedwe m'malo pomwe n'kotheka, zichepetsedwe, ndipo zisazunzike. Panabweranso njira zina ziwiri, ya 423 yogwiritsa makoswe atatu pa sitepe iliyonse ndi ya 425 yokwera ndi kutsika ndi khoswe mmodzimmodzi. Mu Disembala 2002 OECD inachotseratu malangizo a 401. Komanso, pansi pa mgwirizano wa OECD wa mu 1981, zotsatira za labotale yotsata malamulo m'dziko limodzi zimalandiridwa m'maiko ena a mgwirizanowo, choncho mankhwala amodzi sayezedwa kambirimbiri.

Milingo inayi ija ikufanana ndi malire a magulu a poizoni m'dongosolo la United Nations lotchedwa GHS, lomwe limatsogolera zolemba pa mabotolo. Chizindikiro cha chigaza ndi mafupa opingasa chimaikidwa pa mankhwala a m'magulu atatu oopsa kwambiri. Inu alimi ndi ogulitsa mankhwala a kumunda, mukachiona pa botolo, werengani malangizo onse, valani zodzitetezera, ndipo musathire mankhwalawo m'botolo la zakumwa.