Mandala pa Karonga: Kufumbata Zambiri

Abale, ambiri amatama kampani ya Mandala cifukwa ca kulimba mtima kwace pa Karonga. Ife titi tiyese nzeru zace pa malonda.

Kampaniyo inayambika ku Glasgow m'caka ca 1878, ndipo oiyendetsa anali John Moir ndi mbale wace Frederick. Nchito yace inali yomveka: kunyamula katundu wa amishoni, ndi kucita malonda oyenera kuti malonda a akapolo afote. Koma isanakhwime, inafuna zonse pamodzi: minyanga ya njobvu, zombo za panyanja, ndiponso mapangano ndi mafumu kuti ilamulire dziko.

M'caka ca 1884 inatsegula sitolo pa Karonga, nigula minyanga kwa Aswahili. Mmodzi wa iwo, Mlozi, anamanga malinga pafupi, nasautsa Ankhonde. Nkhondo inabuka m'caka ca 1887, nikhala kufikira 1889. Kuchinjiriza Ankhonde kunali kwabwino, sititsutsa ai. Cimene titsutsa ndi ici: cuma cocepa cinali citamwazika kale, kotero kuti nkhondo inaipeza yopanda nkhokwe, ndipo inakatsamira pa ndalama za Cecil Rhodes. Mlozi anagonjetsedwa ndi Boma m'caka ca 1895, osati ndi kampani.

Akulu anati: ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Inu amene mwayamba malonda a mpunga kapena usipa, musathamangire cigayo ndi galimoto caka comweco. Muyambe mwadziwa amene akugulani, musunge za tsiku loipa, ndipo nchito imodziyo iyambe yaima.