Bomba m'phukusi la mnyamata

Tikamaonera filimu ya zigawenga kapena ya akazitape, nthawi zina mtima umakhala m'mwamba. Munthu amaiwala kupuma. Wina amafuula kucenjeza munthu wa pa cinsalu, ngakhale akudziwa kuti sangamve. Kodi cimatigwira motere n'ciani? Ophunzira za sinema m'masukulu akuluakulu amafufuza funso limeneli. Ife tiliyese pa filimu imodzi yakale.

Filimuyo dzina lake ndi Sabotage. Inatuluka ku England mu 1936. Anaikonza ndi Alfred Hitchcock, mbadwa ya ku London, amene anabadwa mu 1899 namwalira mu 1980. Nkhani anaitenga m'buku la Joseph Conrad la mu 1907, koma anasinthamo zambiri.

Nkhani yake nayi. Bambo Verloc ali ndi kanyumba koonetsera sinema mu London. Anthu sadziwa kuti amalandira ndalama kwa akazitape a dziko lina. Tsiku lina amuuza kuti akasiye bomba pa siteshoni ya Piccadilly Circus, pamene pamadzaza anthu. Bombalo lacheredwa kuti liphulike Loweruka nthawi ya 13:45. Koma wapolisi wafika pakhomo, ndipo Verloc aopa kutuluka. Tsono atuma mlamu wake, kamnyamata dzina lake Stevie, mlongo wa mkazi wake. Amupatsa phukusi pamodzi ndi zitini za filimu, namuuza kuti akafike 13:30 isanakwane. Stevie sadziwa cimene wanyamula. Ife oonera tidziwa.

Tiyeni titsate ulendo wake. Pamsewu wamalonda amugwira, namukhazika pampando. Amutsuka mano ndi mankhwala ake, namudzoza mafuta m'tsitsi, kuti anthu aone ubwino wa malondawo. Anthu aseka. Stevie apita patsogolo, napeza msewu wotseka cifukwa ca cikondwerero ca mkulu wa mzinda. Asilikali aguba, ng'oma zilira, mnyamata aima kuonera monga amacitira mwana aliyense. Nthawi ili kupita. Potsiriza athamangira basi. Kondakitala ayamba wakana, pakuti filimu za masiku amenewo sizinali kucedwa kuyaka moto, ndipo zinali zoletsedwa m'basi. Kenaka amumvera cisoni namulola kukwera. Cifundo cakeco ndico cilowetsa bomba pakati pa anthu.

M'basi Stevie akhala pafupi ndi mayi wofukata kagalu, nayamba kuseweretsa kagaluko. Basi iyenda pang'onopang'ono, iima, iyendanso. Hitchcock ationetsa koloko ya pamsewu, kenaka phukusi, kenaka nkhope ya mwana, kenaka koloko ina.

Taonani bwino, anzathu. Pa zonsezi palibe cinthu coopsa ngakhale cimodzi. Palibe mfuti, palibe mdima, palibe womuthamangitsa. Kutsuka mano ndi nthabwala cabe. Kagalu n'kokondweretsa. Tikadakhala kuti sitidziwa za bomba, tikadayasamula ndi kufunsa kuti nkhani iyamba liti. Cimene casandutsa nthabwala kukhala nkhawa ndi cidziwitso cimene tili naco ife, cimene mwanayo alibe.

Hitchcock mwini wake anafotokoza zimenezi mu 1962, pokambirana ndi François Truffaut, wokonza mafilimu wa ku France. Zokambirana zao zinatuluka m'buku mu 1966. Iye anapereka citsanzo ca anthu oceza patebulo, pansi pake pali bomba. Ngati oonera sadziwa kanthu, bomba likaphulika adzadzidzimuka kwa masekondi 15, basi kwatha. Koma ngati aona bombalo likuikidwa, nadziwa ola lake, naonanso koloko pakhoma, adzavutika mtima kwa mphindi 15, ndipo maceza opanda pace a patebulopo adzawamvetsera ndi makutu onse. Kudzidzimuka ndi kwina, kudikira coipa ndi kwinanso. Ambiri okonza mafilimu amasokoneza ziwirizi. Amabisa zonse, kenaka amatulutsa cigawenga kuseri kwa citseko ndi phokoso lalikulu. Munthu alumphadi pampando, koma pofika kunyumba waiwala.

Komabe kudziwa kokha sikukwanira. Wofufuza wina, Dolf Zillmann, amene anagwira nchito m'mayunivesite a ku America, anaphunzitsa kuti nkhawa ya woonera imakula pamene munthu amene timamukonda ali pangozi, ndipo ngoziyo ikuoneka kuti siilephera. Hitchcock anali atadziwa kale zimenezi pa nchito yake. N'cifukwa cace poyamba pa filimu ataya nthawi kutionetsa Stevie ali kukhichini, akuswa mbale, akubisa zidutswa zake. Pofika pa basi, timamuona ngati mwana wa pakhomo pathu.

Ife timaganiza kuti cikondi cimeneci cimaposa ngakhale kusadziwa mathero. Umboni tili nao pamoto madzulo. Ana amva nthano ya Kalulu kambirimbiri, ndipo adziwa kuti Kalulu adzapulumuka. Koma agogo akafika pamene Kalulu wagwidwa, ana onse ali cete, maso ali tong'o. Amene waonera Sabotage kaciwiri adziwa zimene zidzacitika m'basi, koma mtima wake ugundabe.

Tsono tifike pa mlandu weniweni. Koloko ikwana 13:45, ndipo bomba liphulika. Stevie afa, pamodzi ndi anthu a m'basi. Nthawi yomweyo cithunzi cibwerera kunyumba, kumene Verloc, mkazi wake ndi wapolisi uja ali kuseka, mbiri isanawafike.

Anthu ambiri anakwiya nazo. Mayi C. A. Lejeune, wolemba za mafilimu m'nyuzipepala ya The Observer, anamudzudzula kolimba. Patapita zaka, Hitchcock anavomera pamaso pa Truffaut kuti pamenepa analakwa. Maganizo ake anali akuti oonera anayenda ndi mwanayo ulendo wonse namukonda, ndipo munthu amene wamuzunza mtima nthawi yaitali cotere uyenera kumumasula pamapeto.

Mau amenewa ali ndi nzeru. Wokamba nthano ndi omvera ake amakhala ngati apangana: inu pirirani mantha, ine ndidzakubwezerani mpumulo. Wophwanya pangano amataya omvera. Koma pa filimu iyi ife sitigwirizana ndi mwini wake. Nkhani yake ndi ya munthu wochera bomba pakati pa anthu osalakwa cifukwa ca ndalama. Bomba silisankha. Silidziwa mwana, silidziwa mayi wa kagalu. Stevie akadaponya phukusi mumtsinje mphindi yomaliza, tikadaomba m'manja ndi kutuluka tikuseka, ndipo Verloc akadakhala wopusa cabe amene zake zalephereka. Filimu ikadatinamiza. Mkwiyo umene oonera anamva unali woyenera. Kungoti ambiri anaupereka kwa Hitchcock m'malo moupereka kwa Verloc.

Ndiponso imfa ya Stevie ndi imene ipatsa mphamvu gawo labwino koposa la filimuyi. Madzulo Verloc akhala patebulo kudikira cakudya. Wadzilungamitsa kale pamaso pa mkazi wake, nakankhira mlandu kwa wapolisi. Afika ponena kuti angathe kubereka mwana waowao, ngati kuti mlongo amagulidwa pamsika. Mkaziyo agawa cakudya. Ayang'ana mpando wa Stevie, uli wopanda munthu. Dzanja lake lipita pa mpeni wodulira nyama. Auika pansi, dzanja libwereranso lokha. Verloc aona mpeniwo, aonanso nkhope ya mkazi, nazindikira. Anyamuka pang'onopang'ono, nazungulira tebulo.

Pano palibe koloko, palibe nyimbo, mau ndi owerengeka. Cimene citigwira ndi ici: taona kale kuti wokamba nkhaniyi salekerera munthu, ngakhale mwana. Cifukwa cace sitingadzitonthoze kuti mayiyu adzapulumuka. Mpeni ndi umodzi, manja oufuna ndi awiri. Verloc afika pafupi, mkazi afuula, ndipo Verloc agwa. Kaya mkazi anamubaya dala, kaya mwamunayo anadzigwetsera yekha pa mpeni, Hitchcock sanationetse bwino, ndipo tikuganiza kuti anacita dala.