Zithunzi za Sam Ntiro

Sam Ntiro anabadwa m'chaka cha 1923 ku Machame, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro, m'dziko limene lero litchedwa Tanzania. Anaphunzira kujambula ndi utoto ku Makerere, ku Uganda, napita ku London kukaonjezera maphunziro. Anakhalanso kazembe wa dziko lake ku London komweko. Ngakhale anayenda kutali chotero, mtima wake sunachoke kwao kwa Achagga.

Zithunzi zake zionetsa anthu ali pa ntchito: ena akuthyola khofi, ena asenza mikoko ya nthochi, ena akumanga nyumba. Chimodzi cha 1956, chimene chisungidwa ku New York, chionetsa amuna akupititsa mowa wa nthochi kwa mkwatibwi usiku.

Munthu angadandaule kuti anthu a m'zithunzizi ndi aang'onoang'ono, nkhope zao sizioneka bwino, ndipo onse akhala ngati ofanana. Dandaulo limeneli ndi lomveka, pakuti wofuna kudziwa za mumtima mwa munthu mmodzi sangazipeze pamenepa. Koma Ntiro anafuna kuonetsa mudzi wathunthu. Anthu, mitengo ndi zitunda anazipatsa ulemu wofanana. Zili monga pa dima: makasu achuluka, munda utha, ndipo palibe wofunsa kuti mzere uwu walima ndani.

Ntiro anamwalira m'chaka cha 1993. Ambiri ayesa kuti oyenera kujambulidwa ndi mafumu ndi olemera okha, koma iye anatha utoto wake pa alimi, ndipo alendo a m'maiko akutali amaima kuyang'ana ntchito ya manja ao.