Kodi msonkho wa munthu wolemera ndi thangata?

M'chaka cha 1974, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Harvard ku America, Robert Nozick, analemba buku lotchedwa Anarchy, State, and Utopia. Mfundo yake imamvekabe pakamwa pa ambiri amene sanaliwerengepo: boma likatapa malipiro a munthu kuti lithandize osauka, ndiye kuti likumugwiritsa ntchito yokakamiza. Chitsanzo chake chinali Wilt Chamberlain, katswiri wa basketball. Anthu miliyoni imodzi akapereka masenti 25 aliyense, mwa kufuna kwawo, kuti akamuone akusewera, iye n'kupata madola 250,000, kodi walakwira yani?

Funsoli si lachibwana. Ife amene tinamva za kubedwa kwa ndalama za boma mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, sitingamudzudzule msanga munthu wodandaula ndi msonkho.

Komabe ntchito yokakamiza ife sitinaiphunzire m'mabuku. Makolo athu ankaitcha thangata. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, atsamunda ankakhometsa masheleni 6 pa nyumba iliyonse, koma wokagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu ankalipira 3 okha. Msonkho umenewo sunkafunsa kuti m'nkhokwe muli chiyani. Unkachotsa mlimi m'munda mwake nthawi ya dzinja ndi kumupititsa m'munda wa mwini esiteti. Ukali wa anthu a John Chilembwe ku Magomero mu 1915 unaphukira pamenepo.

Apa ndi pamene bukuli likutsimphina. Wolemera akapereka gawo lalikulu, amagonabe atakhuta, ana ake ali pasukulu. Msonkho wofanana ndi thangata ndi uja woyeza onse ndi mbale imodzi, monga wobisika m'mitengo ya katundu wa m'sitolo ndi mayunitsi a foni, umene mayi wogulitsa mandasi amalipira chimodzimodzi ndi mwini malole.

Ngakhale katswiri uja sanalemere yekha. Msewu wopita kubwalo, apolisi olondera pachipata, sukulu zophunzitsa owonerawo kuti apeze ntchito ndi masenti aja, zonsezi zinalipiridwa ndi anthu ena.

Zaka 7 bukuli lisanatuluke, Papa Paulo VI anali atalemba kale m'kalata yake Populorum Progressio kuti ufulu wa munthu pa chuma chake uli ndi malire pamene ena akusowa zofunika pa moyo, ndipo anafunsa opeza bwino ngati ali okonzeka kulipira msonkho wokwera. Nyuzipepala ya Wall Street Journal inanyoza kalatayo kuti ndi maganizo a Karl Marx otenthetsanso ngati mkute.