Njira Zisanu za Aquinas ndi Pomwe Zimathera

Ku Guilleme, m'boma la Mchinji kufupi ndi malire a Zambia, kuli mishoni ya Akatolika yotchedwa dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, Mfalansa wa chipani cha White Fathers amene anatsogolera mpingowo kuno kuyambira 1911 mpaka 1934. M'boma lomwelo muli seminale ya Kachebere, komwe ofuna unsembe amaphunzira filosofi. Pakati pa maphunziro a ansembe a Chikatolika pali "njira zisanu" zosonyezera kuti Mulungu alipo, zolembedwa ndi Thomas Aquinas, yemwe anamwalira mu 1274. Ife Asilamu tiyenera kuziunika mwachilungamo, pakuti ana athu ayamba kumva pa Facebook ndi m'makoleji kuti kulibe Mlengi, ndipo kuwakalipira kokha sikuwayankha.

Njira yamphamvu koposa ndi yachitatu. Chilichonse chimene timaona chikanatha kusakhalapo: nsomba, ngalawa, ngakhale nyanja imene. Chinthu chotere chimadalira china kuti chikhalepo. Zonse zikanakhala zodalira, sipakanakhala kanthu. Choncho payenera kukhala Wina wosadalira chilichonse. Apa tikuvomereza ndi mtima wonse. Tikumbukirenso kuti Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, anali atafotokoza kale kusiyana kwa chodalira ndi chosadalira, ndipo Aquinas anawerenga mabuku ake m'Chilatini namutchula Avicenna. Ngakhale masiku ano, Mkhristu wa ku America, William Lane Craig, anatchuka ndi buku la mu 1979 lomwe linatsitsimutsa mfundo ya Imam al-Ghazali yakuti chilichonse choyamba kukhalapo chili ndi wochiyambitsa.

Njira yachisanu, yonena za dongosolo la chilengedwe, imafika msanga pamtima. Mlimi wa ku Mchinji woona mvula ikudza m'nyengo yake ndi msodzi wa ku Mangochi wodziwa miyezi ya mphepo ya mwera onse amaimva, ndipo Qur'an nayo imatiitana kulingalira zizindikiro zotere. Komabe yokhayokha siikwana. Wachinyamata amene anaona namondwe wa Freddy akukokolola midzi mu 2023 adzafunsa kuti dongosololo linali kuti. Yankho lake likufuna chiphunzitso cha mayesero ndi cha tsiku lachiweruzo, ndipo zimenezi timazipeza m'chivumbulutso.

Pomwe tikusiyana ndi abale athu a ku Guilleme ndi apa. Njira zonsezi zikatsatidwa mpaka kumapeto zimafika kwa Mlengi mmodzi, wosagawika, wosasowa kanthu. Aquinas mwini anavomera kuti nzeru za munthu pazokha sizingatsimikizire Utatu, koma umalandiridwa mwa chikhulupiriro. Msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican mu 1870 unaphunzitsanso kuti munthu angadziwe Mulungu ndi nzeru zachibadwa poona zolengedwa, koma zinsinsi za chipembedzo unaziika m'gulu lina. Motero Mkhristu akatha kusonyeza kuti Mulungu alipo, ntchito yosonyeza kuti ali atatu mwa mmodzi imakhala isanayambe. Kwa ife, pomwe nzeru zafikapo ndi pomwe tauhidi yaima, monga Surah Al-Ikhlas imaphunzitsira. Sitikunena kuti nzeru zimatipatsa zonse, pakuti utumiki wa Mtumiki Muhammad (SAW), Swala ndi Swaumu nazonso timazidziwa mwa chivumbulutso. Kusiyana n'kwakuti chivumbulutso chathu sichiwonjezera kanthu pa umodzi womwe nzeru zaupeza.

Makolo ndi aphunzitsi anzathu a m'madrasa, mwana akabwera ndi mfundo zimenezi kuchokera kusukulu ya mishoni, tisamuuze kuti ndi zachikunja. Timuthandize kuona mbali yomwe ili yoona, timutchulire Ibn Sina ndi al-Ghazali, kenaka timusonyeze pomwe mfundoyo yathera. Akadzakumana ndi wokana Mulungu, iye ndi mnzake wa Chikatolika adzayankha mofanana. Akadzakambirana za Utatu, adzafotokoza mwaulemu chifukwa chake ife timaima pa Allah mmodzi yekha.