Ana Ofufuza Mlandu pa Doko

Buku la Caroline Lawrence lochedwa The Thieves of Ostia linasindikizidwa mu 2001, ndilo loyamba la mabuku 17. Nkhani yace inacitikira ku Ostia, doko la mzinda wa Rome, m'caka ca 79. Agaru a mu mseu wina analikuphedwa, ndipo ana anai, Flavia, Jonathan, Nubia ndi Lupus, anayamba kulondola mapazi a wakuphayo.

Luso la mlembi nali: samkhazika wowerenga pansi kuti amphunzitse mbiri. Mwana aphunzira za zombo ndi malonda a Aroma pamene mtima wace uli pa agaru aja. Koma pofika pa Nubia bukuli lifulumira. Iye ndiye mtsikana wa ku Africa amene Flavia anamgula pa msika wa akapolo. Wowerenga amva zambiri za cifundo ca wogula, koma pang'ono pokha za cisoni ca wogulidwa. Anthu a m'mbali mwa nyanja yino, kumene makolo anagwidwa ndi kuolotsedwa, sangawerenge tsamba limenelo mopepuka.

Doko lotere liriponso ku Nkhata Bay, pafupi ndi msika umene amai agulitsapo usipa ndi ufa wa kondowole. Pa 3 Marichi 1959 asilikari anaombera anthu amene anasonkhana kufuna abale ao otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Lipoti la Devlin linawerenga akufa 20. Mabanja a komweko achula ocuruka. Mlembi wofuna mlandu woyenera ana ofufuza akhoza kuyambira pa kusiyana kumeneku, nawatuma anawo kukafunsa agogo ao maina a iwo amene sanabwerere kwao tsikulo.