Adavota, Koma Kodi Adamvana?

Pa 23 June 2016 anthu a ku Britain adafunsidwa ngati dziko lawo litsale kapena lituluke mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, umene lidalowamo mu 1973. Mwa ovota 100 alionse, 52 adati lituluke, 48 adati litsale. Lidatulukadi pa 31 January 2020.

Kutulukako sitikukudzudzula ayi. Ifenso tidakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kufikira chidatha mu 1963, ndipo tikudziwa kuti mtundu wa anthu uli ndi ufulu wosankha oyenda nawo. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi kayendetsedwe ka mtsutsowo. Ofuna kutuluka adalemba pa basi kuti dzikolo limatumiza ku Ulaya mapaundi 350 miliyoni sabata iliyonse, osachotserapo ndalama zimene zinkabwerera. Ofuna kutsala adalimbikira kuopseza anthu ndi kugwa kwa chuma, osafunsa chimene chidakwiyitsa okhala m'mizinda imene migodi ndi mafakitale zidatsekedwa. Kutatsala sabata imodzi, phungu wa nyumba ya malamulo, Jo Cox, adaphedwa pamsewu.

Tsono a ku Scotland ndi Northern Ireland, amene ambiri adati litsale, adatulutsidwa pamodzi ndi anzawo. Kodi madandaulo awo adawamva ndani?

Pabwalo la amfumu, wogonja pa mlandu amakhalabe mwana wa m'mudzimo, ndipo mawa adzakumba manda limodzi ndi wopambanayo. Atsogoleri oitanitsa chisankho chotere ayambe aganizira za tsiku lamawalo, pakuti opambana ndi ogonja ayenera kukhalirabe limodzi.